Belu Lotsimphina

"Pamenepo ayi, mlamu. Chotsanipo."

Fujie anali atagwada kale, manja onse awiri ali pabokosi lokutidwa ndi nsalu yoyera, momwe munali mtsuko wa mafupa a mwamuna wake. Bokosilo analifungatira ulendo wonse wa pasitima kuchokera ku Tokyo, osalola kulitula ngakhale pampando wopanda munthu. Ndiye atangoliika patsogolo pa guwa la makolo a banja la Karasawa, mkulu wake wa malemuyo anatulukira pakhomo, nyundo ili m'manja, fumbi la mkuwa lili mbuu m'malaya.

"Alamu," anatero Fujie osatembenuka, "munthuyu wayenda ulendo wautali. Muloleni apereke moni kwa amayi ake."

"Akapumire kuchipinda cha alendo. Mphasa zake n'zatsopano."

A Genzo sanakweze mawu. Anali bambo wa zaka makumi asanu ndi awiri, wamfupi, wamapewa otambalala, ndipo moyo wawo wonse anathera posula mabelu amkuwa a m'makachisi, aja ooneka ngati mbale, monga anachitira bambo awo ndi agogo awo kuno ku Takaoka. Anthu a ntchito imeneyi sakalipa. Amanena kamodzi n'kubwerera kukagogoda, iwe n'kutsala ukudzifunsa ngati wakanizidwa kapena wangouzidwa za nyengo. Fujie anadziwa kuti wakanizidwa. Ananyamula bokosi lija mtima ukuwawa, n'kutsatira akazi awo a Genzo, a Tokie, amene ankamutsogolera uku akung'ung'udza chapansipansi.

"Musawamvere amenewo. Mutu wawo ndi wamkuwa womwewo, kungoti wosalira."

Toyoji, mwamuna wa Fujie, anali atamwalira masiku asanu ndi atatu m'mbuyomo. A Genzo pamaliro anafika ndithu, atavala suti yakuda yonunkha mankhwala a njenjete. Mtembo utawotchedwa anaima pambali pa Fujie n'kutola nawo mafupa ndi timitengo, anawerama monga mwa mwambo, kenaka anakwera sitima yobwerera osalawa ngakhale tiyi. Panja pa nyumba ya maliro panali chinamtindi cha anthu: abambo a imvi zoyamba atamanga mataye, azimayi ali ndi ana kumanja, ena ochokera kutsidya kwa nyanja, aliyense atagwira kabokosi kakale ka masewera a pakanema. A Genzo anawadutsa ngati akudutsa anthu odikira basi.

Chimene Fujie anadzera kuno chinali chimodzi. M'chipatala, mawu atayamba kutha, Toyoji anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Za nyimbo ndi zina zonse uchite mmene ukuonera. Koma ine undiperekeze kwathu, ndikagone pansi pa chiliza chathu, pambali pa amayi." Fujie anavomera. Sanali mkazi wovomera mwachisawawa. Pa zaka pafupifupi makumi anayi za ukwati anamukanira mwamuna wake zambiri, kuyambira njinga yamoto mpaka galu wachitatu. Koma ichi analonjeza, ndipo manda a banja satsegulidwa popanda chilolezo cha mwana wamkulu.

Masana a Tokie anayala chakudya patebulo lalifupi: mpunga, msuzi wotentha, ndi nsomba yokulunga m'ndere za m'nyanja, ija Toyoji ankailota ali ku Tokyo. Kunja mvula ya Novembala inkawaza yosatopa. Anadya atatu, kukumveka timitengo todyera tokha.

"Nkhaniyi si yanga, mlamu," a Genzo anayamba okha, maso ali m'mbale. "Ine ndi mng'ono wanga sitinamenyanepo. Mawu ndi a bambo. Tsiku limene anachoka, bambo anaima pakhomo paja n'kunena kuti wotaya nyundo ya pa Karasawa sadzagona pansi pa mwala wa Karasawa. Anabwerezanso ali pamphasa yomwalirira. Ine ndine wosunga chabe."

"Bambo anu anatisiya zaka makumi awiri zapitazo."

"Ndiye mawu awo awola?"

"Chosawola ndi chibale, alamu, chifukwa ndi fupa. Mafupawo ndabwera nawo. Ali kuchipinda cha alendo ngati munthu wodzagulitsa inshuwalansi."

A Tokie anatsamwa ndi msuzi n'kubisa nkhope kuseri kwa dzanja, mapewa akugwedera.

"Mukuseka chiyani, mayi?"

"Munga wa nsomba, bambo."

A Genzo anawayang'ana akazi awo nthawi yaitali, n'kubwerera kwa mlendo. "Mng'ono wanga anali ndi khutu loposa langa. Loposa la bambo amene. Ali ndi zaka khumi ankamva belu kamodzi n'kuloza ndi chala pamene pakufuna nyundo. Khutu limenelo anakalipereka ku zidole. Tiphokoso ta pii-pii-pii tochedwetsa ana kusukulu."

Fujie anaika timitengo pansi. Ali m'sitima analumbira kuti afika modzichepetsa, azingoti inde alamu, zoona alamu, mpaka mwala utafewa. Koma mawu akuti zidole anamulasa pamene panali bala, ndipo lumbiro lonse linauluka.

"Zidole," anatero. "Masewera makumi atatu ndi limodzi, alamu. Loyamba analipanga ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, m'kachipinda ka pamwamba pa shopu yochapa zovala, chilimwe chonse ali chivulire malaya chifukwa cha nthunzi yochokera pansi. Nkhani analemba yekha. Zithunzi anajambula yekha, kadontho ndi kadontho, papepala la timabokosi. Malamulo oyendetsa makina analemba yekha, nyimbo anapeka yekha. Kampani itakula n'kulemba anthu zana, iye ankazungulirabe madesiki onse, uyu kumukonzera mwendo wa kavalo, uyu kumuchotsera mawu awiri m'chiganizo. Kubangula kwa chilombo cha m'sewero lachisanu ndi chinayi ndi pakhosi pake, anakuwira m'ndowa. Chaka chatha oimba makumi asanu ndi limodzi anaimba nyimbo zake m'holo ya anthu zikwi ziwiri, ndipo ndinaona ndi maso angawa akuluakulu a mabanki akulira mamina ali chuchuchu. Ndiye inu mukuti tiphokoso."

Ponena zimenezi msana wake unawongoka wokha. Anamunyadira mwamuna wake ali moyo, koma mwakachetechete, poopa kuti mutu ungamukulire. Tsopano panalibenso chobisira.

"Nanga dzina lake lili pati?" anafunsa a Genzo. "Anandionetsa m'nyuzi. Kabocha. Munthu wamkulu, mwana wa Karasawa, kudzitcha Dzungu. Ngati ntchitoyo inali yaulemu, dzina anabisiranji?"

"Nthawi imeneyo tonse tinkabisa. Mabwana sankalola mayina enieni kumapeto kwa sewero, kuopa kuti makampani ena angatibe. Ine ndinkajambula mitengo ndi mitambo komweko, ndipo ndinali Nyemba. Chiletso chitatha, anzake onse anathamangira kulemba mayina awo ndi zilembo zazikulu. Iye anakana. Anati bambo ananena kuti dzina lawo lisaoneke pa zidole, ndiye lisaoneke. Zaka makumi anayi ulemu wonse wapita kwa dzungu chifukwa chomvera bambo anu omwewo."

A Genzo anatafuna pang'onopang'ono mpaka kumeza.

"Ndiye kuti mawu a bambo ankadziwa kulemera kwake," anatero. "Amvetsa." Anaimirira n'kukonza lamba. "Sitima yabwino ndi ya faifi koloko. Mayi, mumukulungire mlamu nsomba ya panjira."

Msampha Fujie anatchera yekha, mwendo anaikamonso yekha. Anathandiza a Tokie kuchotsa mbale, n'kupita kuchipinda cha alendo kuja, n'kukhala pansi moyang'anizana ndi bokosi. Anachita manyazi, ndipo anakwiya, ndipo sanadziwe woyamba kumukwiyira.

"Wamva, Dzungu iwe?" ananong'ona. "Pakamwa pangapa pakutsekera chitseko. Unkanena iwe kuti ndizipuma kaye ndisanayankhe."

Nthawi inali itadutsa thu koloko. Kuseri kwa khoma, kumalo osulira, nyundo inayambanso: go, go, go, kupuma, go. Fujie anaona kuti ngakhale abwerere nawo mafupawo, munthu wafika kwawo, ayenera kufukiziridwa lubani. Kubwereka belu loimba pofukiza kwa anthu omukaniza sakanatha. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa lake, lokulungidwa m'thawulo. Linali belu laling'ono lokwana m'manja awiri, loda ndi ukalamba, limene linakhala padesiki ya Toyoji chiyambire kumudziwa. Ndi limene Fujie ankaimba m'mawa uliwonse masiku asanu ndi atatu onsewa. Anayatsa lubani, anagunda belulo ndi kamtengo kamodzi kokha, n'kuphatikiza manja.

Belu labwino, aliyense wa m'tauni ino adzakuuzani, limapuma mofanana. Kulira kwake kumakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, ngati chifuwa cha munthu wogona bwino, mpaka kuzimirira. Ili linkapuma mwakemwake: mpweya wautali, wina waufupi, wautali, waufupi. Fujie analizolowera kotero kuti kwa iye olakwika anali mabelu ena onsewo.

Kuseri kwa khoma nyundo inaleka.

Panamveka mapazi othamanga, chitseko chinakankhidwa, ndipo a Genzo analowa mpaka pakati pa chipinda. A Tokie, amene ankabwera ndi tiyi, anakuwa ali m'mbuyo mwawo.

"Bambo! Nsapato! Mphasa zatsopano!"

A Genzo sanamve. Munthu amene chibadwire sanapondepo mphasa ndi nsapato anaima pamenepo ndi nsapato zakuntchito, maso ali pabelu.

"Mwalitenga kuti?"

"Ndi la mwamuna wanga."

"Si lake." Anagwada, analinyamula, analitembenuza n'kuyendetsa chala chamanthu m'zipsera za nyundo za kunsi kwake. "Ndi langa."

Anakamba ali chiweramire, ngati akuuza belulo. Nthawi imeneyo anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Atagogoda mkuwa zaka zisanu ndi zitatu, bambo awo anawalola koyamba kukonza kaliridwe ka belu okha, popanda wowathandiza. Anakhalira belulo miyezi iwiri. Tsiku loliyesa, mdala uja analigunda kamodzi pamaso pa antchito onse, anamvetsera, n'kunena mawu amodzi okha: "Likutsimphina." Analiponya pamulu wa zokasungunula, n'kutembenukira kwa Toyoji, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, n'kumuuza kuti kuyambira mawa azikhala pambali pawo. Sabata isanathe, Toyoji anali atapita ku Tokyo.

"Ndinkayesa linasungunuka kalekale," anatero a Genzo, ndipo nkhope inada. "Kani anatola manyazi anga n'kupita nawo kutauni, azikaseketsa anzake."

A Tokie anatula thireyi pansi mwamphamvu moti tiyi anatayikira.

"Bambo, zaka zonsezi mukugogoda mkuwa, nzeru zinagwera m'mbalemo? Mwana uja akanakhala pano, inu bwenzi mukumupukutira mabelu mpaka lero. Anakusiyirani mpando, iye n'kunyamula chotayidwa. Amayi anu anandiuza ndili mtengwa, tikutsuka mbale. Zimenezi mpaka akuuzeni wansembe?"

"Zoganiza za kukhitchini."

"Kukhitchini komweko ndi kumene mwadyera zaka makumi anayi."

"Za chifukwa chochokera ine sindikudziwa," anatero Fujie. Ulendo uno anapuma kaye asanapitirize. "Sanandiuzepo. Ankangoti ndi belu la kwathu. Koma kuseketsa anzake ayi, alamu. Padesiki ija munthu ukanatha kutayira khofi papepala la nyimbo, iye n'kungoseka. Koma mnzake wina ataponyamo chotsalira cha fodya m'belumu, sanamulankhule mwezi wathunthu. Ndipo belu limeneli lalira m'nyumba zambiri kuposa mabelu onse amene atuluka pakhomo pano chiyambire agogo anu. Lili m'masewera ake onse."

"Makina sangalire ngati belu."

"Ndikanakuonetsani, koma zonse ndasiya ku Tokyo."

A Tokie anatsokomola. Anapukuta tiyi wotayika uja, anapinda kansalu, anatsokomolanso.

"Kuchipinda chosokera kuli kenakake," anatero akuyang'ana kudenga.

"Kenakake kotani?" anafunsa amuna awo.

"Mapasulo aja ankabwera chaka ndi chaka."

"Aja ndinakuuzani kuti muzitaya?"

"Ndinkataya, bambo. Ndinkataya m'kabati."

Onse atatu anakwera masitepe, a Genzo atavula nsapato tsopano, belu lili m'manja. Chipinda chosokera chinali chaching'ono, chakumapeto, ndipo a Genzo anali asanalowemo kuyambira pamene denga linadontha zaka khumi ndi zisanu zapitazo. Makina osokera analimo ndithu, atafundidwa nsalu ya fumbi. A Tokie anasuntha zofunda m'kabati. Kuseri kwake kunali wailesi yakanema yakale, ija ya chimimba kumbuyo, timakina tamasewera tinayi, ndi timabokosi makumi atatu ndi kamodzi titandandalikidwa bwinobwino monga mwa zaka zake. Pa kalikonse panali kapepala ka dzanja la Toyoji: Kwa achimwene.

"Mumasoka nthawi yanji m'chipinda muno?" anafunsa a Genzo.

"Munaonapo chimene ndasoka?"

Fujie anaseka koyamba chimwalirire mwamuna wake, kuseka kotuluka ndi misozi. A Tokie anali atalumikiza kale mawaya ndi changu cha munthu wozolowera. Anasankha kabokosi koyamba, anakauzira mpweya kukamwa, anakalowetsa m'makina achikasu ndi ukalamba, n'kuyatsa.

"Ili ndinalimaliza kasanu ndi kawiri," anatero monyada. "Lachisanu ndi chinayi lija ndiye linandidwalitsa dzanja, mpaka ndinanamiza adokotala kuti ndi singano. Gwirani chogwirira cha mabatanichi, bambo. Uku ndi kuyenda, ili ndi lolumphira. Osafinya ngati mukupha nsikidzi."

Pagalasi panaoneka kamunthu konyamula nyali, kali pamsewu wokwera phiri, mitambo ikuyenda pamwamba. Mitambo imeneyo Fujie sanajambule, anabwera pakampani chaka chotsatira, koma ankaidziwa ngati zikhatho zake. Kanyimbo kanayamba, kopepuka, kofulumira, ndipo a Genzo anakwinya mphuno. Zala zawo zokhuthala zinaphimba mabatani onse. Kamunthu kanayenda masitepe khumi, kanafika paphompho loyamba, a Tokie anakuwa kuti lumphani, ndipo kanagweramo ndi nyali yomwe.

Galasi linada. Nyimbo yonse inaduka. Mumdimamo munalira belu, kamodzi.

Linali liwu lowonda, la makina osauka a nthawi imeneyo, lopanda kulemera kwa mkuwa. Koma linakwera n'kutsika, ndipo linapuma: mpweya wautali, waufupi, wautali, waufupi, mpaka kuzimirira. Kenaka kamunthu kaja kanaonekanso poyambira, nyali ikuyaka.

A Genzo anali atatseka maso, mutu utapendekera kumanzere, mmene amakhalira pansi paja akamamvetsera belu la kachisi wamkulu. Chala chimodzi chinkawerenga pabondo.

"Mlamu, gundani lenilenilo."

Fujie anagunda. Anamvetsera onse mpaka linatha.

"Mayi, mugwetseninso."

A Tokie analanda chogwirira chija n'kugwetsa kamunthu, akudandaula kuti zaka makumi atatu sanagwerepo m'phompho limenelo. Belu la m'makina linalira. Chala cha a Genzo chinagunda pabondo malo omwewo, nthawi yomweyo.

"Mpaka kutsimphina," anatero ndi mawu osasa. "Sanakonze. Akanatha kulikonza, khutu anali nalo, koma sanakonze." Anatsegula maso. "Anachita bwanji zimenezi popanda mkuwa?"

Apa Fujie anakhala bwino, chifukwa nkhani imeneyi inali yotchuka pakampani, ndipo aliyense watsopano ankauzidwa sabata yoyamba.

"Makina amenewa amatha kuimba mawu atatu okha nthawi imodzi. Atatu basi. Opeka nyimbo ankawasunga ngati mchere wa m'chaka cha njala: limodzi la nyimbo, lina lothandizira, lina lapansi. Iye anazimitsa nyimbo yonse n'kupereka mawu awiri kwa belu limodzi. Anawasiyanitsa pang'ono kwambiri kuti azikhulana, ndiye kukhulanako n'kumene kukupanga mpweyawo. Koma ukatero limapuma mofanana. Kuti litsimphine anakhalira masabata atatu. Belu pano, khutu pasipika, kusintha nambala imodzi, kumvetsera, kusinthanso imodzi. Bwana anachita kumenya tebulo, akuti sewero lachedwa chifukwa cha phokoso limene ana azidumpha ndi batani. Iye anati mundichotse ntchito, koma belu likhalapo. Pambuyo pake makina anakula, anayamba kunyamula oimba zana nthawi imodzi, anyamata n'kumamuuza kuti a Dzungu, tijambule belu lalikulu la kukachisi. Anakana. Masewera onse makumi atatu ndi limodzi, ukagwa, ndi ili."

"Ukagwa," anabwereza a Genzo. "Analiikiranji pamenepo? Bwanji osaika popambana?"

"Ndinamufunsa tisanakwatirane. Nthawi imeneyo masewera ena onse ukagwa ankakuimbira kanyimbo konyoza, kokhala ngati akukuseka. Iye ankadana nazo. Anati munthu amene wayesetsa n'kugwa asamve chitonzo. Amve chinthu chokoma kuposa zonse zimene uli nazo, kuti adzuke ayesenso. Ndiye anati iye m'moyo wake sanamvepo chokoma kuposa belu ili." Fujie anayang'ana a Genzo. "Sanandiuze kuti wosula ndinu, alamu. Ndadziwira limodzi ndi inu lero."

Mvula inkagwa padenga. Pagalasi kamunthu kanali chiimire poyambira, kanyimbo kakuzungulira, ndipo a Tokie anatsitsa mawu a wailesi. Fujie anaba kuyang'ana wotchi yake. Inali itakwana hafu pasiti fili, ndipo kusiteshoni ndi ulendo wa mphindi makumi awiri. Sanawonjezere liwu lililonse. Kamodzi patsiku n'kokwanira kudzitchera msampha.

A Genzo anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, mosabisa, n'kusiya fumbi la mkuwa patsaya.

"Masabata atatu," anatero. "Kusuntha pang'ono, kumvetsera. Kusuntha pang'ono, kumvetsera. Bwana akukalipa, iwe osamva." Anapukusa mutu. "Imeneyo ndi ntchito ya pano. Ndi mmene timachitira pansipa tsiku ndi tsiku. Ineyo kundipatsa mkuwa watsopano kuti ndisule belu lotsimphina chimodzimodzi ndi ili, sindingathe. Bambo amene sakanatha."

Anayang'ana timabokosi tija m'kabati.

"Bambo anati wotaya nyundo. Ndawasunga mawu amenewo zaka makumi awiri, ndipo ndiwasungabe. Koma uyu sanataye. Anangopita nayo kutali." Anatembenukira kwa akazi awo. "Mayi, imbirani wansembe. Muimbirenso wosema miyala ya pamanda. Muwauze kuti masabata asanu ndi awiri a maliro akakwana titsegula chiliza. Pamwala alembepo Karasawa Toyoji."

"Za Dzungu asalembe?" anafunsa a Tokie, akufwenthera mu epuloni yakukhitchini.

"Afunseni eni ake."

Fujie anafuna kuthokoza ndi mawu oyenera, aja anakonza m'sitima, koma onse anathawa. Anaika manja pamphasa n'kuwerama mpaka chipumi chinagunda pansi, ndipo analira. Chisoni chinalipo, koma chimene chinadzaza chifuwa chake chinali kunyada: mwamuna wake analowa m'manda a makolo ake ndi ntchito ya manja ake, popanda womupemphera chifundo.

"Basi, mlamu, basi," anatero a Genzo mwamanyazi. "Katengeni munthuyo mukamuike kwa amayi ake. Belu muike pambali pake. Nsomba ija mudyera konkuno."

Fujie ananyamula belu n'kuimirira. Ali pakhomo anacheuka. A Genzo anali atatolanso chogwirira chija, atasendera pafupi ndi galasi, ndipo anakweza okha mawu a wailesi. Kamunthu konyamula nyali kanayamba kuyenda, pang'onopang'ono, kulunjika kuphompho.

"Lumphani, bambo!" anakuwa a Tokie. "Batani lakumanjalo! Lumphani!"

"Ndikulidziwa batanilo," anatero a Genzo.

Anachotsapo chala, anapendeketsa mutu kumanzere, n'kutseka maso.